Tchuthi cha Okutobala ku Britain: dzungu, mileme ya katoni ndi nthano za mumdima

Kumapeto kwa Okutobala sukulu zambiri za ku England ndi ku Wales zimatseka kwa sabata imodzi, tchuthi chija amachitcha half-term. Ku Scotland chimafulumirako, kawirikawiri chimagwa pakati pa mwezi, ndipo masiku ake amatengera khonsolo ya dera lanu. Ife amene tinakulira ku Malawi kapena ku Zambia timaudziwa Okutobala ngati mwezi wa dzuwa loswa mtengo, koma kuno tchuthichi chimatitsekera m'nyumba. Kunja kwazizira, kamvula kakuwaza tsiku lonse, ndipo Lamulungu lomaliza la mweziwo mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, moti ku London dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. M'masitolo mwadzaza maungu ndi zigoba za mitu zapulasitiki, ndiye mwana amabwera ndi funso lake: "Amayi, ifenso tichita nawo Halloween?"

Funsoli si lopepuka kwa kholo lochokera kwathu. Ufiti kwathu si sewero. Tikudziwa agogo amene anathamangitsidwa m'mudzi chifukwa chonamiziridwa ufiti, tikudziwa mabanja amene anadana mpaka imfa. Choncho kuona kamwana ka zaka zisanu kavala chipewa cha mfiti kumatilasa mtima, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi ndi zimenezo. Komabe sindigwirizana ndi kungoti "ayi" n'kumusiya mwana pawindo akuonerera anzake sabata yonse. Mwana amakonda kamantha kakang'ono pamene dzanja la kholo lili pafupi. Ifenso tinkakonda zimenezo, n'chifukwa chake nthano zinkakambidwa usiku. Ndiye sankhani nokha zolowa m'nyumba mwanu. Kwanga mfiti, manda ndi magazi sizilowa. Dzungu, mileme, akangaude, zithunzithunzi za pakhoma ndi nthano za fisi zimalowa ndithu, ndipo zimakwana kudzaza tchuthi chonse popanda kuwononga ndalama.

Mwana akafunsa kumene mwambowu unachokera, muuzeni mwachidule. Pa 1 Novembala mipingo ina, monga Katolika ndi Anglican, imakumbukira oyera mtima onse, ndipo 31 Okutobala ndi usiku wotsogolera tsikulo. Ku Ireland ndi ku Scotland nyengo yomweyi kunali chikondwerero chakale cha Samhain, chotsekera zokolola ndi kulandira dzinja lawo lozizira. Nyali zoyambirira sankazisema pa dzungu ayi, koma pa mzu wolimba wa turnip. Anthu a kumeneko atasamukira ku America anapezako dzungu, losavuta kusema, ndipo mwambo unabwerera kuno utasintha.

Chinsinsi cha sabatayi ndi kudziwa choyamba ndi chomaliza. Masamba amafuna masiku kuti aume, ndiye atoleni tchuthi chikangoyamba. Dzungu losemedwa limayamba kufota ndi kuchita nkhungu pakangotha masiku atatu kapena asanu, ndiye lisemeni kumapeto.

Yambani ndi kukatola

Tsiku loyamba valani majekete, tengani jumbo, pitani kupaki yapafupi. Tolani masamba ofiira ndi achikasu amene sanabooke, timitengo touma towongoka totalika ngati pensulo, ndi njere zofiirira zonyezimira zija amati ma conker, zimene zimagwa mumtengo wa horse chestnut. Mukafika kunyumba pukutani masambawo, muwayale pakati pa nyuzipepala, muikepo mabuku olemera. Pakatha masiku atatu kapena anayi amakhala ataphwatalala bwino osapindika.

Pano pali machenjezo awiri amene ndikufuna muwamve bwino. Ma conker sadyedwa, ali ndi poizoni, ngakhale amafanana ndi mtedza wa chestnut umene amawotcha m'misika. Mwana wamng'ono amene amaika chilichonse m'kamwa asawagwire, galunso asawatafune. Chachiwiri ndi bowa. Nyengo ino bowa amamera paliponse m'nkhalango za kuno, ndipo dzanja la munthu amene anazolowera kuzula utale kumudzi limayabwa. Musazule. Kuno kuli bowa wotchedwa death cap amene amaoneka wabwinobwino koma amawononga chiwindi mpaka kupha, ndipo kuphika sikuchotsa poizoni wake. Luso lathu lozindikira bowa linali la bowa wa kwathu. Anawo awone ndi maso okha, ajambule ndi foni ngati akufuna.

Ma conker aja ali ndi sewero lakale la ana a kuno. Munthu wamkulu aboole pakati, alowetsemo chingwe cha nsapato n'kumanga mfundo pansi. Wina amalendewetsa yake, mnzake n'kumenya ndi yake, mosinthana, mpaka imodzi itasweka. Seweroli amalitenga mwamphamvu moti chaka chilichonse mu Okutobala ku Northamptonshire kumachitika mpikisano wa padziko lonse, World Conker Championships.

Mileme, akangaude ndi nyali za m'botolo

Mleme ndi wosavuta, ngakhale mwana wa zaka zinayi atha kuthandiza. Tengani kakatoni kozungulira kaja kamatsala pepala la kuchimbudzi likatha. Pindirani m'kati mbali ziwiri za kukamwa kwake kumodzi, mudzaona kuti nsonga ziwiri zatuluka, amenewo ndiwo makutu. Pakani penti wakuda, kapena kulungani ndi pepala lakuda ngati simukufuna zonyowa patebulo. Mapiko dulani pa katoni yopyapyala, monga ya bokosi la chakudya cha m'mawa: ipindeni pakati, jambulani phiko limodzi lokhala ndi timapindi titatu m'munsi, dulani mbali ziwirizo pamodzi, mukatambasula mapiko afanana. Matani kumsana ndi guluu, maso ndi timapepala toyera todontheza kadontho kakuda. Pomaliza boolani kumunsi, lowetsani ulusi, mupachike chadodolido mutu pansi pa chitseko kapena pa ndodo ya katani, chifukwa umo ndimo mileme imagonera.

Manja akugwira ntchito, auzeni anawo za mileme yeniyeni, poti ambiri amangoidziwa ngati chinthu choopsa. Ku Britain kuli mitundu 18 ya mileme, yonse imadya tizilombo touluka, ndipo lamulo limaiteteza, moti kusokoneza malo ake ogona ndi mlandu. Wofala kwambiri, pipistrelle, amalemera magalamu asanu okha. Pamene mileme ya kuno ikukonzekera kugona nyengo yonse yozizira, ku Zambia zikuchitika zina: kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala mileme yodya zipatso mamiliyoni ambiri imasonkhana m'kankhalango kakang'ono ka ku Kasanka National Park, ndipo madzulo ikanyamuka thambo limada. Mwana amene wamva zimenezi amayang'ana kamleme kake ka katoni ndi maso ena.

Ukonde wa kangaude umafuna timitengo titatu tija ndi ulusi wolukira majuzi. Pingasitsani timitengoto pakati kuti pakhale nsonga zisanu ndi imodzi, mangani pakatipo mwamphamvu, kenako zungulirani ndi ulusi: pa kamtengo kalikonse kulungani kamodzi, pitani kotsatira, mukutalikira pang'onopang'ono. Ntchitoyi imakhazika pansi ana a zaka zisanu ndi ziwiri kupita m'mwamba kwa nthawi yaitali ndithu. Kangaude wake ndi conker ija, kapena kampira ka pepala lopindapinda, miyendo isanu ndi itatu ya waya wofewa.

Nyali ya m'botolo ndiyo imagwiritsa ntchito masamba aja. Tsukani botolo la jamu, chotsani chizindikiro chake. Sakanizani guluu woyera wa PVA ndi timadzi pang'ono, pakani kunja kwa botolo, matanipo masamba ouma kapena tizidutswa ta pepala lopyapyala la olenji, pakaninso guluu pamwamba. Ukauma umaonekera bwino ngati galasi. Ngati mukufuna nkhope, dulani maso ndi pakamwa pa pepala lakuda. M'katimo ikani kanyali ka batire, osati kandulo.

Dzungu

Apa ndipo mtima wanga uli, chifukwa pa dzungu ife si alendo. Anzathu ambiri kuno amaligula, kulisema, n'kulitaya lonse ndi nthanga zomwe. Ife tikudziwa kuti pa chomera ichi palibe chotaya, kuyambira nkhwani mpaka nthanga.

Pogula sankhani lolimba ponseponse, lopanda mabala ofewa, lokhala ndi phesi louma, ndipo likhazikeni pansi muone ngati silikugubuduzika. Maungu aakulu ogulitsira kusema amadyedwa, koma ndi amadzimadzi ndipo sazuna. Ngati mukufuna chakudya chokoma gulaninso lina laling'ono, monga lobiriwira motuwa lija amati Crown Prince, kapena butternut. Minda yambiri m'mwezi uno imalola mabanja kukadzithyolera okha, koma fufuzani mtengo musananyamuke, poti kwina mumalipira polowa komanso pa dzungulo.

Yalani nyuzipepala patebulo. Ambiri amadula chivundikiro pamwamba, koma ine ndimalangiza kudula bowo kumunsi. Mukatero phesi limatsala losakhudzidwa, dzungu silifota msanga, ndipo kuika nyali n'kosavuta: mumaika nyaliyo pansi n'kuivundikira ndi dzungu. Bowolo likhale lokwana dzanja la munthu wamkulu. Iyi ndi ntchito ya kholo.

Kenako apatseni ana supuni zolimba ndi mbale ziwiri, ina ya nthanga, ina ya matope ake. Alekeni alowetse manja, anyansidwe, akuwe, imeneyo ndiyo mbali imene amaikonda. Akamaliza inu palani mkati ndi supuni yaikulu yachitsulo, makamaka mbali imene padzakhale nkhope, mpaka khoma litatsala masentimita awiri kapena atatu. Khoma lochindikala limavuta kudula ndipo kuwala sikutuluka bwino. Zimene mwapalazo ziikeni m'firiji nthawi yomweyo, ndi chakudya.

Mwana ajambule nkhope papepala kaye, kenako pa dzungu ndi cholembera chofufutika. Muuzeni kuti zibowo zikhale zazikulu ndi zotalikirana. Maso oyandikana kwambiri ndi mano ang'onoang'ono ochuluka amathyoka podula. Sikuti ndi nkhope yokha imene ingasemedwe: nyenyezi, mwezi, mleme kapena chilembo choyamba cha dzina la mwana zimaoneka bwino kwambiri, ndipo banja limene silifuna nkhope yoopsa lingathere pamenepo. Njira ina yosavuta ndi kuboola timabowo tambirimbiri ponseponse ndi chiboolero, usiku kuwala kumatuluka ngati nyenyezi.

Kudula kwenikweni n'kwa munthu wamkulu. Pukutani manja ndi dzungu lomwe, chifukwa ngozi zambiri zimachitika mpeni ukatsetsereka pa chonyowa. Gwiritsani ntchito kampeni kakafupi ka mano ngati sowo, osati chimpeni chachikulu cha kukhitchini chimene chimakanirira m'khungu n'kutuluka mwadzidzidzi. Chekani pang'onopang'ono, mpeni ukuloza kutali ndi thupi lanu, ndipo dzanja linalo lisakhale m'kati mwa dzungu kuseri kwa pamene mukudula. Ana aang'ono apatseni kadzungu kawokawo apake penti ndi kumata maso a pepala. Losadulidwalo limakhalanso milungu ingapo osawola.

Nthanga zitsukeni, chotsani ulusi wake, ziumitseni pa kansalu. Thirani timafuta ndi mchere, kazingani m'chiwaya pamoto wochepa mukutakasa mpaka zitayamba kuthetheka, kapena ikani mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 10 mpaka 15. Ana osakwana zaka zisanu musawapatse zathunthu, zingawatsamwe.

Mnofu wake phikani futali. Dulani tizidutswa, ikani mumphika ndi timadzi tochepa ndi mchere, wiritsani mpaka zifewe. Sungunulani nsinjiro m'timadzi, thirani, chepetsani moto, zibwate kwa mphindi khumi mukutakasa kuti zisapserere. Nsinjiro zikasowa, chiponde cha m'botolo chopanda shuga chimagwira ntchito yomweyo. Ngati mwaitana ana a anzanu funsani makolo awo kaye, chifukwa kuno ana ambiri thupi lawo limadana ndi mtedza, ndipo ena akhoza kubanika mpaka kufa. Dzungu limene lasemedwa kale n'kugona panja, limenelo lisadyedwenso.

Za moto

Zovala za Halloween zogula m'sitolo zambiri ndi za nsalu yopyapyala ya pulasitiki, yolendewera, imene ikakhudza lawi imayaka msanga n'kumatirira pakhungu. Mu 2014 mwana wamkazi wa Claudia Winkleman, muulutsi wa pa BBC, anapsa kwambiri chovala chake chitakhudza kandulo pakhomo la nyumba ina, ndipo nkhaniyo inachititsa dziko lonse kuunikanso zovalazi. Mukagula, onani ngati pali chizindikiro cha CE kapena UKCA, ndipo mwana avale zovala zake za masiku onse m'kati. Koma chachikulu n'chakuti m'dzungu, m'botolo ndi pakhonde musaike kandulo yamoto. Tinyali ta batire n'totsika mtengo. Tili ndi vuto limodzi lokha: timayendera timabatire tophwatalala tonga ndalama yachitsulo, ndipo mwana akameza kamodzi kangathe kumuwotcha kum'mero m'maola ochepa. Gulani totsekedwa ndi sikulu, ndipo mukakayikira kuti wameza thamangirani kuchipatala, ku mbali ya ngozi yotchedwa A&E, osadikira zizindikiro.

Phunzitsani ana kuti chovala chikagwira moto asathamange, aime, agone pansi, agubuduzike. Akapsa, ikani pamalopo pansi pa madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20, kenako phimbani ndi pulasitiki yopyapyala yokulungira chakudya. Musapake mafuta, mankhwala otsukira mano kapena dzira monga ena amachitira kwathu. Imbani 111 kuti akulangizeni, kapena 999 ngati bala ndi lalikulu.

Usiku wa nthano

Mdima wofulumirawu ndi mphatso kwa wokamba nthano. Pachikani nsalu yoyera ya pabedi pakhomo la chipinda kapena pakati pa mipando iwiri, ikani tochi kumbuyo kwake, zimitsani magetsi. Masana ana akhale atadula kale pa katoni zithunzi za Kalulu, Fisi, Njovu ndi mtengo wa mlambe, n'kumata chilichonse pa kamtengo. Chithunzi chikayandikira nsalu chimaoneka chaching'ono ndi chakuthwa, chikayandikira tochi chimakula mpaka kudzaza nsalu yonse. Fisi amene akukula pang'onopang'ono kwinaku bambo akulira "huuuwi" kuseri kwa nsalu amaposa chilichonse chogula m'sitolo.

Yambani monga tinkayambira: inu muti "Padangokhala," iwo ayankhe "Tili tonse." Ngakhale ana amene Chichewa chawo n'chothyokathyoka amagwira yankholi usiku womwewo, komanso nyimbo ya pakati pa nthano. Yang'anani nkhope ya wamng'ono kwambiri. Akayamba kubisala kwenikweni, osati mosekerera, Kalulu apambane msanga, magetsi ayake. Ngati agogo ali ndi foni kumudzi, aimbireni pa WhatsApp akambe okha nthano imodzi, koma kumbukirani kuti mawotchi akabwezedwa Malawi ndi Zambia amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye 6 koloko ya kuno ndi 8 koloko ya kwathu.

Sewero lina lakale la kuno ndi la maapozi. Dzazani madzi m'beseni, ponyanimo maapozi, ana ayese kutola ndi mano manja ali kumbuyo. Yalani thawulo pansi ndipo musachoke pafupi ndi beseni ngati pali kamwana kokwawa. Amene safuna kunyowa amangirire madonasi pa ulusi n'kuwalendewetsa, adye osagwira.

Pa 31 penipeni

Ngati mwalola ana kuyenda m'makomo kukapempha masiwiti, lamulo losalembedwa ndi ili: gogodani pokhapo pamene pali dzungu loyaka kapena zokongoletsa panja. Nyumba ya mdima idutseni, mwina muli okalamba kapena wogwira ntchito usiku. Munthu wamkulu apite nawo, atenge tochi, ndipo pa zovala zakuda matanipo kanthu konyezimira kuti oyendetsa galimoto awaone. Tulukani kukangoda, mubwerere isanakwane 8 koloko. Masiwiti asadyedwe panjira, muwaone kaye kunyumba. Ku Scotland mwambowu amautcha guising, ndipo mwana amayembekezeredwa kuimba nyimbo, kunena ndakatulo kapena nthabwala asanalandire kanthu. Ndimaukonda kwambiri mwambo umenewu, ndipo ndikulimbikitsa kuti mwana wanu akonzekere kanyimbo ngakhale mukukhala ku Luton kapena ku Manchester.

Ngati simukufuna zoyenda m'makomo, mipingo yambiri usiku womwewo imakonza phwando la ana lotchedwa light party, lamasewero ndi zakudya popanda zoopseza. Malaibulale a khonsolo nawonso kawirikawiri amakhala ndi ntchito zamanja zaulere pa tchuthichi, kungoti malo amadzaza msanga, choncho lembetsani sabata isanayambe. Kuti anthu asagogode kwanu, lowetsani dzungu m'nyumba ndi kuzimitsa nyali ya pakhonde. Apolisi m'madera ambiri amaikanso pa intaneti kachikwangwani kosindikiza nokha kopempha kuti asakugogodereni.

Tsiku likadutsa, chotsani kanyali m'dzungu, liduleni zidutswa, liponyeni mu bini ya zakudya zotsala kapena pa mulu wa manyowa. Musakalitaye kunkhalango poganiza kuti mukudyetsa nyama. A Woodland Trust ndi a Forestry England, mabungwe osamalira nkhalango, akhala akupempha anthu kuti aleke zimenezi, chifukwa dzungu limatsegula m'mimba tinyama taminga totchedwa hedgehog panthawi imene tikufunika kunenepa tisanagone nyengo yozizira, komanso limaitana makoswe. Dzungu lopakidwa penti lipite mu bini ya zinyalala wamba. Nyali za m'botolo zija musataye, mudzazifuna pa 5 Novembala, usiku wa Bonfire Night, pamene anawo adzafunenso kutuluka mumdima kukaonera zophulitsa zamoto m'mwamba.